Zipsera za Pamsana pa Bambo Hirukawa

1

Ndikamadutsa pamsika wa kwathu kuno anthu amandiweramira, ena mpaka kuvula chipewa. Amati a Kurahashi ndi mayi wachilungamo. Ha! Chilungamo chake chiti? Khalani pansi ndikuuzeni, ndipo mukafuna kulavula mulavule, ine sindikuletsani.

Dzina langa ndine Shizuyo Kurahashi, ndili ndi zaka 67. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndinali mkhalapakati ku ofesi yomva madandaulo a nkhalamba ndi odwala amene amasamalidwira pakhomo. Tinkalowa m'makomo n'kukhala pakamwa pa anthu amene sangathenso kudziyankhulira. Malamulo athu akuluakulu anali awiri. Loyamba, wodwala umam'funsa muli awiriwiri, chitseko chotseka, popanda m'bale kapena wantchito, ndipo zimene walembazo komiti ya khonsolo imazitenga ngati mawu a mwiniwake. Lachiwiri, ngati banjalo ukulidziwa, fayilo umabweza pomwepo.

Lolemba lina mu Novembala, abwana athu a Tonomura anandiikira fayilo patebulo.

"A Kurahashi, iyi ikufuna maso anu. Bambo wa zaka 72, anafa ziwalo mbali imodzi zaka ziwiri zapitazo, sayankhula. Amene amabwera kudzam'sambitsa apeza mabala a moto pamsana, asanu ndi limodzi. A khonsolo akufuna am'chotse pakhomo, akam'sunge kumalo kumene mkazi wake sauzidwa."

"Nanga mkaziyo akuti chiyani?"

"Ndiye walembera ifeyo kudandaula. Akuti ndi okyu, mankhwala achikale owotcha pamsana pochiza ululu, ndipo mwamunayo amafuna yekha. Komiti ikhala Lachisanu. Ngati bamboyu akuvomera, akhala pakhomo pake. Ngati akuopa, achoka. Mawu ake tidzamvera kwa inu." Anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Banja la a Hirukawa mukulidziwa?"

Ndinawerenga mainawo kawiri. Iwao Hirukawa. Mkazi wake, Mitsue.

"Ayi," ndinatero, "sindikulidziwa."

2

Nyumbayo inali kuseri kwa shopu yakale yosokera mikeka ya m'nyumba, chitseko chake chachitsulo chitachita dzimbiri. Mitsue ananditsekulira atavala masiki kumaso ngati ine, poti inali nyengo ya chimfine. Kamayi kochepa thupi, kopindika msana, manja ong'aluka ndi madzi. Anagwada pakhomo n'kundiikira masilipasi.

"Takulandirani, mayi. Pepani takuvutitsani, m'nyumba muno ndi mosalongosoka."

Mosalongosoka pati! Ndinafufuza fumbi ndi maso anga akuthwawo, osalipeza. Ndinanunkhiza kufuna fungo la mkodzo, ndinangomva sopo ndi lubani. Pakhoma panali pepala lolembapo nthawi zimene amam'tembenuza mwamuna wake, maola awiri alionse. Munthu wagona zaka ziwiri, koma thupi lopanda chilonda cha pabedi ngakhale chimodzi. Pa ntchito yanga yonse ndinali ndisanaone mkazi wosamala chonchi, ndipo n'zimene zinandiwawa koposa.

Anabweretsa tiyi ndi kabokosi kamatabwa. M'katimo munali masamba ouma opera onga thonje, ndi timitengo ta lubani.

"Ndimapota kakang'ono ngati njere ya mpunga, n'kuika pamsana, n'kuyatsa ndi lubaniyu. Kamangoti psii, katha. Abambowa asoka mikeka chiweramire zaka makumi anayi, msana unatha kalekale. Ndikapanda kuwawotcha amabuula tsiku lonse. Koma osambitsawa ndi ana a dzulodzuloli, okyu sanamuonepo. Angoona zipsera, basi, ‘Agogo, mukuwotcha munthu ndi fodya!’ Ine fodya ndim'dziwire kuti?"

"A chipatala ndi amene anakuuzani kuti muzichita zimenezi?"

"Ayi mayi. N'zakale izi, za m'nyumba muno." Anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali. "Ndathokoza kuti kwabwera inuyo. Inu mumvetsa."

"Ine sindinabwere kudzamvetsa inu, ndabwera kudzamva kwa wodwala. Tulukani, mutseke chitseko."

3

Bamboyo anali pabedi pafupi ndi zenera, pakamwa patapotoka, ndevu zometedwa bwinobwino. Ndinam'tembenuza pang'ono n'kukweza malaya. Zipsera zisanu ndi chimodzi, zitatu mbali iyi ya fupa la msana, zitatu mbali inayo, zondondozana ngati mabatani. Munthu wolusa sawotcha mwa mzere chonchi. Ndinadziwa ndisanafunse n'komwe.

Ndinam'gwira dzanja lamanzere, lamoyolo.

"Bambo Hirukawa, ndachokera ku ofesi ya madandaulo. Mukafuna kunena kuti inde, finyani kamodzi. Mukafuna kunena kuti ayi, kawiri. Dzina lanu ndinu Iwao?"

Kamodzi.

"Ino ndi nyengo yotentha?"

Kawiri. Mutu unali ukuyenda bwino lomwe.

"Okyu uja mumam'funa?"

Kamodzi.

"Akazi anu amakuzunzani?"

Kawiri, mwamphamvu, mpaka zala zanga zinalira.

"Mukufuna kukhalabe pakhomo pano?"

Anafinya kamodzi, ndipo sanasiye.

Ntchito inathera pamenepo. Ndikanangoimirira n'kukalemba mizere isanu, bwenzi lero ndilibe cholembera magazini ino. Koma ndinam'funsanso mafunso awiri amene sali papepala la ofesi. Musandifulumize, ndikuuzani. Pano ingodziwani kuti mmene ndinkatuluka m'chipindamo n'kuti misozi ikuyenderera mpaka m'makutu mwa bamboyo.

Mitsue anandiperekeza mpaka pamsewu, akuwerama ngati bango. Sindinacheuke.

4

Lipoti ndinalemba masana omwewo. "Wodwala analira kwambiri nditam'funsa. Anaoneka wamantha. Sanaonetse chizindikiro chilichonse chomveka chakuti amavomera kuwotchedwa." Ndinadinda chidindo changa chofiira.

Lachisanu dokotala wa m'komiti anati mabalawo ndi aang'ono, mwina ndi okyu ndithu, koma moto woikidwa pa munthu wosavomera ndi nkhanza basi. Mayi wina anafunsa ngati kungakhale bwino kutumanso munthu wachiwiri.

"Pa a Kurahashi?" anaseka a Tonomura. "Mayi awa zaka zisanu ndi zinayi sanaphonyepo. Akati wodwala akuopa, ndiye kuti akuopa."

Nkhani yonse inatha m'mphindi makumi awiri.

Lachiwiri m'mawa galimoto ya khonsolo inaima pashopu paja. Ine sindinkafunika kumeneko, koma ndinapita, n'kukaima tsidya lina la msewu pokwerera basi ngati munthu wodikira ulendo. Bamboyo anam'tulutsa pa machira atam'funda bulangeti. Mitsue ankathamanga pambali ndi masokosi okha, juzi la mwamuna wake lili m'manja.

"Mundiuzeko kumene akupita! Sadya phala lolimba, amatsamwa! Supuni muziwapatsira kumanzere! Abambo, abambo, ndibwera, mwamva?"

"Pepani agogo, sitiloledwa kunena," anatero mmodzi wa onyamulawo, n'kutseka chitseko.

Galimoto itapita anatsala pakati pa msewu, juzi lili pachifuwa. Ndinganame nditanena kuti sizinandikomere. Zinandikomera, abale inu. Ndinakalowa m'sitolo n'kugula nsomba yabwino, ndinadya mpaka kunyambita zala.

5

Tsopano mafunso awiri aja.

Iwao Hirukawa anali mwamuna wanga. Zaka khumi ndi zitatu ndinakhala kuseri kwa shopu imeneyo, ndikusesa zinyenyeswa za mikeka, ndikuchapira apongozi anga mpaka kuwaika m'manda. Okyu anandiphunzitsa ndi apongozi angawo, atandigwira chala n'kundionetsa malo asanu ndi limodzi pamsana pa mwana wawo. Akaweruka kuntchito Iwao ankagona chafufumimba n'kunena kuti, "Shizuyo, tayatsa." Woyamba kuika zipsera zimenezo ndine.

Kenako kunabwera Mitsue, kamtsikana koperekera zakudya pamalo pamene Iwao ankadyera masana. Tsiku lina Iwao anandikhazika pansi n'kundiuza kuti, "Sunalakwe chilichonse." Ha, mawu amenewo! Bola akananditukwana. Munthu wolakwa amadziwa chokonza, nanga wosalakwa akonze chiyani? Ndinatuluka ndi masutikesi awiri, ndinabwerera ku dzina la kwathu la Kurahashi, ndinasamukira tauni ina. Sindinakwatiwenso. Patapita zaka matauni awiriwo anawaphatikiza kukhala khonsolo imodzi, n'chifukwa chake fayilo yake inafika patebulo panga patatha zaka 31. Paja amati mlandu suola.

M'chipinda muja, atandifinya dzanja kuti akufuna kukhala pakhomo, ndinatsitsa masiki.

"Nanga ine ukundidziwa, Iwao?"

Anandiyang'anitsitsa, diso lamoyolo likunjenjemera. Kamodzi. Misozi inayambira pamenepo.

Ndikanalekera pomwepo. Koma funso limene ndinalisunga zaka 31 linatuluka lokha.

"Unayamba wadandaulapo kuti unandisiya? Ngakhale tsiku limodzi?"

Akanatha kunama, munthu wogona, wosowa chothawira, moyo wake uli m'manja mwanga. Akanangofinya kamodzi, kundinyengerera, ndikulumbira kuti ndikanalemba zoona. Koma Iwao bodza sankalitha, ndi pondisiya pomwe sananame.

Anafinya kawiri.

6

Patatha masiku khumi ndi atatu chim'chotsereni Iwao pakhomo pake, wa pakhomo la ofesi anandiuza kuti kwabwera agogo ena akufuna ine. Ndinam'peza Mitsue m'kachipinda ka alendo, ataonda ngati wadwala mwezi, kamtolo kokulunga m'nsalu kali pamiyendo. Ndinakonzekera kutukwanidwa. Ndinkafuna anditukwane, kuti nanenso nditulutse zanga.

Anaimirira n'kuwerama. "A Shizuyo, pepani ndabwera osapangana."

Papepala lililonse limene anaona panalembedwa Kurahashi basi.

"Mwandidziwa liti?"

"Kalekale. Chithunzi chanu chinatuluka m'kanyuzi ka khonsolo mutayamba ntchitoyi, abambo anadula n'kusunga m'kabati. Ankati, ‘Shizuyo amene uja sakhota.’ Ndinalembera ofesi ino chifukwa cha inuyo. Ndinati m'tauni yonse ino amene akudziwa msana umenewu ndi mmodzi yekha." Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Ine okyu palibe anandiphunzitsa. Ndinapeza zipsera zanu, n'kumangoika pomwepo. Zaka zonsezi ndakhala ndikutsata inu."

Ndinakoka mpando n'kukhala.

"Andiwerengera zimene munalemba," anapitiriza. "Akanalemba wina ndikanati bodza. Koma poti ndinu, ndakhulupirira. Ndiye kuti zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikuwapweteka, iwo akulephera kunena, ine n'kumati ndikuwathandiza. Akabuula ndimati ndi msana, kani amaopa ine! Ndiuzeni, a Shizuyo, ndinkalakwitsa pati? Ndinkapota zazikulu? Kapena manja angawa anakalamba?"

"Sindiloledwa kukambirana za lipoti," ndinatero. Tamvani mawu a mayi wachilungamo.

"Zoona, pepani. Sindikupempha kuti abwere, ngati akundiopa akhale komweko. Koma juzi ili muwapatse, amazizidwa m'mapewa. Ndipo muwauze kuti Mitsue akupepesa, sankadziwa." Anaika kamtolo kaja patebulo, anagwada pasimenti, chipumi mpaka kugunda pansi. "Ndipo za kale zija sindinakupepeseni. Ndinali wamantha. Pepani."

Zaka 31 ndinkalota mkazi ameneyu atagwada pamaso panga. Nayu wagwada. Ndinathamangira kuchimbudzi n'kukasanza.

7

Mukuganiza kuti ndinapita kwa a Tonomura tsiku lomwelo? Ayi ndithu. Ndinatha masiku anayi ndikuyenda ndi juzi m'chikwama, ndikudziuza kuti mawa. Ndinkaopa manyazi, ndinkaopa maso a anthu a pamsika. Munthu akuvutika kumalo kwachilendo, ine ndikusamala dzina.

Tsiku lachisanu ndinalowa mu ofesi mwawo n'kunena zonse, osasiyako. A Tonomura anadzuka, anatseka chitseko, anatsekanso zenera.

"Wina mwamuuza?"

"Ayi. Bwana, bamboyo abwerere kwawo lero. Anavomera, anandifinya dzanja."

"A Kurahashi, mukudziwa kuti mafayilo amene munadinda ndi oposa mazana awiri? Izi zikamveka onsewo atsekulidwa, ofesi ino yatha. Ndani adzatikhulupirirenso?" Anadzisisita pamphumi. "Tichita mwadongosolo. Titumiza wina akam'funsenso, komiti ikhala pa 20. Inu mupume kaye, tinena kuti thupi silili bwino."

"Pa 20 ndi masabata awiri!"

"Nanga masiku amene mwakhala chete inuyo ndi angati?"

Ndinatola chikwama changa n'kutuluka.

Amene anatumidwayo anakapeza Iwao atasiya kudya. Osamalira kumeneko sanali anthu oipa, ankayesetsa, koma iye supuni ikafika ankangotseka pakamwa. Tsiku lina anatsamwa, chibayo chinalowa. Atam'gwira dzanja kuti afinye, dzanjalo linali lilibenso mphamvu. Anamwalira pa 15, kutatsala masiku asanu kuti komiti ikhale. Osamalirawo anamuimbira foni Mitsue bamboyo atatha kale, ndipo ndi tsiku limenelo pamene anauzidwa kumene mwamuna wake ankasungidwa. Panali mtunda wa mphindi khumi ndi zisanu pa basi kuchokera pakhomo pake.

8

Kumaliro sindinapite. Patatha sabata ndinakagogoda kuseri kwa shopu kuja, juzi lili m'manja. Mitsue anatsekula atavala zakuda. M'nyumba munkatuluka utsi wa lubani.

"Lowani, a Shizuyo, mudzawayatsireko lubani abambo."

"Sindilowa. Juzi ili sindinapereke. Uthenga wanunso sindinapereke. Ndipo lipoti lija ndinanama."

Ndinanena zonse nditaima pakhomo pomwepo, ngakhale mafunso anga awiri aja. Sanandidule mawu. Nditamaliza anagwira chimango cha chitseko ndi manja onse awiri.

"Mutawafunsa za okyu, anafinya kangati?"

"Kamodzi."

"Mutawafunsa ngati ndimawazunza?"

"Kawiri. Mwamphamvu."

"Zokhala pakhomo pano?"

"Kamodzi. Sanafune kundisiya dzanja."

Anatseka maso, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. Ndinaona mapewa ake akutsika pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti sankandiopa."

"Sankakuopani."

"Koma iwo anafa akudziwa kuti ananena zoona, ndipo ine sindinabwere. Ndinawauza kuti ndibwera." Anatsekula maso, ouma gwaa. Analandira juzi lija n'kulipinda bwinobwino. "Zikomo pondiuza. Tsopano chokani pakhomo panga, ndipo musadzapondenso pano ngakhale nditafa."

Chitseko anatseka mwaulemu, osamenyetsa.

9

Owerenga anzanga, mwina mukudikira kumva chilango changa. Palibe. A ofesi anandikonzera tiyi wotsanzikana, anandipatsa maluwa ndi pepala loyamikira zaka zisanu ndi zinayi za utumiki wokhulupirika. Pafayilo ya Iwao analembapo kuti wodwala anamwalira nkhani isanaunikidwenso, n'kuitseka. Mitsue sanakadandaule kulikonse. Akadandaule kuti, poti ofesi ya madandaulo ndi ifeyo?

Musanditumizire makalata ondilimbikitsa, sindiwafuna. Musandiuzenso kuti Iwao anandilakwira poyamba, ndikudziwa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira kufinya kwachiwiri kuja mtima umandiwawabe. Koma iye anandisiya ndili ndi miyendo, ndili ndi pakamwa, ndinatha kunyamula masutikesi n'kuyamba moyo wina. Ine ndinam'peza atatsala ndi dzanja limodzi lokha loyankhulira, analiika m'dzanja langa, ndipo ndinam'landa.

Ngati kwanu kuli wodwala wosayankhula, ndipo kwabwera munthu wa ofesi wooneka bwino ngati ine n'kukuuzani kuti mutuluke mutseke chitseko, tulukani, lamulo ndi lamulo. Koma akamapita mum'funse kuti wodwala wanena chiyani, ndipo zimene alembe zikakudabwitsani, musaweramitse mutu ngati Mitsue. Kuwani, pemphani kuti kubwere wachiwiri. Ndipo inu amene mumalowa m'makomo a anthu ndi chidindo m'chikwama, mukaona dzina pafayilo mtima n'kugunda, bwezani fayiloyo. Ine kubweza kukananditengera mawu awiri okha, akuti "ndikulidziwa, bwana," ndipo bamboyo akanafera pabedi pake, mkazi wake ali pambali.